Lachiwiri: ngodya zapindikanso

Ndadzuka 5 koloko n'kulunjika pa tebulo pomwe pulinta yanga ya 3D, makina oumba zinthu ndi pulasitiki, inagona ikugwira ntchito. Ndapeza chisa cha mbalame. Ulusi wa pulasitiki wapiringizana mulu wonse, nozzle, kamlomo kotulutsa pulasitiki yosungunuka, ikungoyendabe m'malere, ndipo chogwirira foni cha m'galimoto chimene ndimachiyembekezera chagwera pambali, ngodya zake zitapindikira m'mwamba. Maola 9 apita pachabe, kachitatu tsopano. Mtima unandiwawa kwambiri.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndikanagwiritsa ntchito filamenti (ulusi wa pulasitiki) ya mtundu wa PLA bwenzi zitatha kalekale, koma PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, ndipo galimoto ikaima padzuwa chogwiriracho chikhoza kulefuka. Ndiye ndinasankha ABS, pulasitiki yopirira kutentha. Iyi imafuna nozzle ya madigiri pafupifupi 250 ndi bedi, mbale imene chinthucho chimaumbidwirapo, ya madigiri 100, komanso imafota ikamazizira. Pulinta yanga ndi yotsika mtengo, yopanda zitseko, mphepo imangodutsa. Kunja kukazizira usiku, m'mphepete mumafota msanga kuposa pakati, ngodya n'kumatuka pa bedi.

Ndatha ola lathunthu ndikulinganiza bedi. Pepala pansi pa nozzle, kupotokola kagudumu ka ngodya imodzi mpaka pepalalo liyambe kukanda pang'ono, kenako ngodya inayo, n'kubwereranso poyamba chifukwa ukakhudza kumodzi kwina kumasuntha. Zala zanga zinazolowera, koma lero ndinatopa nazo.

Masana ndinatenga fayilo ya chogwirira chija n'kupita kwa mnzanga amene anagula makina apamwamba chaka chatha. Kuchokera 2022, pamene kampani ya Bambu Lab inatulutsa pulinta ya X1, makina otsekeka ndi othamanga achuluka, ndipo ake ndi amodzi mwa amene anabwera pambuyo pake. Bedi yake siyenda kutsogolo ndi kumbuyo ngati yanga, imangotsika pang'onopang'ono, mutu wopepuka ndiwo umathamanga pa malamba awiri. Anaika ABS, anatseka chitseko, makinawo anadziyeza okha bedi, ife n'kukhala pansi kumacheza. Sanasuzumireko n'komwe leya yoyamba, pulasitiki yoyamba kuyalidwa pa bedi. Ine ndinadzuka kawiri kukayang'ana pagalasi. Pasanathe maola 3 chogwirira chinatuluka chowongoka, pansi pake posalala.

"Achimwene," anatero, "inu chimene mumafuna n'chiyani, kukonza pulinta kapena kukhala ndi chinthu m'manja?"

Sindinayankhe msanga. M'malo mwake ndinatulutsa m'thumba kagiya ka PLA kamene ndinapanga kunyumba mwezi watha, iye n'kupanga kena kofanana nako. Titaziika pamodzi pa tebulo, kusiyana kwake kunali kochita kufunafuna ndi chikhadabo. Izi sizinandidabwitse. Makina onsewa amadya ulusi wa mamilimita 1.75, amausungunula, n'kuutulutsa pa kabowo ka 0.4, leya iliyonse 0.2. Ndi ana a mimba imodzi. Njirayi anayambitsa Scott Crump wa kampani ya Stratasys kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chilolezo chake choletsa ena kukopera njirayo chitatha mu 2009 aliyense anamasuka kupanga makina otere. Adrian Bowyer anali atayamba kale RepRap, ntchito yopanga mapulinta otere, ku University of Bath mu 2005, akugawa mapulani kwaulere, ndipo pulinta ya Prusa i3 ya Josef Průša, imene mapangidwe ake anakoperedwa ndi ambiri, inachokera komweko. Ndalama zowonjezerazo sizikugulira pulasitiki yokongola kuposa ya mnzako. Zikugulira bokosi lotentha, liwiro, ndi tulo.

Tulo ndiye ndikutifunadi. Koma pobwerera ndinkaganiza za zimene mnzanga anandiuza yekha: mutu wa makina ake utavuta anadikira masabata angapo chipangizo chochokera kwa opanga, chifukwa china sichikanalowa. Yanga ndimaidziwa bawuti iliyonse. Lamba akalefuka ndimamva ndi khutu. Nozzle ikatsekeka ndimaichotsa ndi sipanala n'kuikapo ina. Zimene ndikudziwa za kutentha, liwiro ndi kumata kwa leya yoyamba ndinaziphunzira chifukwa makinawa sandibisira kanthu, ndipo sindikuchita nazo manyazi zaka zimenezi. Munthu wongoyamba kumene, amene akufuna zidole ndi timabokosi ta PLA, ndingamuuze mosazengereza kuti ayambe ndi yotsika mtengo. Amene walonjeza anthu katundu pa tsiku lakutilakuti, nkhani yake ndi ina.

Ine ndili pakati, n'chifukwa chake zikundisautsa. Pa zinthu zonse zimene ndapanga chaka chino, zofunadi ABS ndi ziwiri zokha. Kugula makina atsopano chifukwa cha zinthu ziwiri sikukundilowa m'mutu, ngakhale maso anatsalira kwa mnzanga.

Madzulo ndinamasula mutu wa pulinta ndipo ndinapeza chinanso. Kapaipi koyera ka pulasitiki ya PTFE kodutsamo ulusi, kamene mu makina ngati anga kamafika mpaka pa nozzle, kada ndi kupsa kumapeto. Kutentha kwa ABS kunali kukadya mwakachetechete. Ndakadula, ndakabwezera bwinobwino, ndipo ndaganiza zosiya kuikakamiza ntchito imene sinapangidwire. Ndaika pulasitiki ya PETG, imene sifota kwambiri ndipo imapirira kutentha kuposa PLA: nozzle pa 235, bedi pa 80, fani pang'ono, ndi mkombero wopyapyala kuzungulira chinthucho kuti ngodya zigwire.

Ndayambanso kulemba m'kope ntchito iliyonse yolephera ndi maola ake. Ikadzakwana miyezi 3 ndidzawerenga, ndipo ngati maolawo adzachuluke ndidzayamba kusunga ndalama ya makina otsekeka.

Pano ndi 10 koloko usiku. Ndagwada pafupi ndi tebulo ndi tochi, ndikuyang'ana leya yachinayi ikuyalidwa. Ngodya zonse zinayi zikadali pansi.