Sabata ino mawu asanu a Paulo andisowetsa tulo

Lolemba ndi tsiku langa lopuma koma foni inalira ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Anali agogo ena a m'selo yathu, kagulu ka mapemphero a m'makomo, akuti "abusa aang'ono, dzulo ndapita kutchalitchi ndabwerako mmene ndinapitiramo, sindinatolepo kanthu." Zinandiwawa ndithu chifukwa womasulira Lamlungu limenelo ndinali ine, tinali ndi mlendo wolalikira m'Chingerezi ndipo ine ndimadziona ngati ndagwira ntchito yotamandika. Koma nditakhala pansi kukumbukira, mlendo akati anointing ine ndimabwereza anointing yemweyo, akati breakthrough nanenso breakthrough, chonsecho mawu oti kudzoza alipo. Kumasulira kwake kumeneko?

Lachiwiri ndinadzitsekera mu ofesi ndi 1 Akorinto 14, Buku Lopatulika mbali ino, Buku Loyera mbali inayo. Lopatulika ndi la 1922, Chichewa chake achinyamata ambiri chimawadutsa, pomwe Loyera la 1998 limamveka msanga, koma vuto ndi loti achikulire mavesi analoweza a mu Lopatulika ndiye ukawawerengera linalo amaona ngati wasintha Baibulo. Ndaganiza zoti vesi la ulaliki ndiziwerenga m'mabuku onse awiri, sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Pa vesi 19 mpomwe ndinakhalitsa. Paulo yemwe akunena yekha kuti amalankhula malilime kuposa Akorinto onse, akuti mumpingo bola mawu asanu omveka kusiyana ndi 10,000 a malilime. Asanu okha abale.

Lachitatu kumapemphero a madzulo zinachitika zomwe ndimaopa. Anthu anayi kulimbirana maiki, onse malilime nthawi imodzi, womasulira palibe, mayi wina amene anabwera koyamba anangonyamula mwana wake nkutuluka. Titaweruka ndinakhala pansi ndi atsogoleri nkuwawerengera vesi 27 ndi 28, awiri kapena atatu basi, mosinthana, wina amasulire, ngati womasulira palibe munthu alankhule ndi Mulungu wake chamumtima. Mbale wina wa intercession, gulu la opembedzera, anapsa mtima, akuti abusa mukuzimitsa Mzimu. Ndinamuonetsa vesi 39 pomwe akuti tisaletse malilime, ndinati achimwene sindikuletsa ayi, nanenso ndimapemphera m'malilime kunyumba, nkhani ndi ya maiki, kuti amene wakhala kumbuyo uja anena bwanji Amen pa zomwe sanamve. Sanagonje kwenikweni koma tinasiyana titagwirana chanza.

Lachinayi kuchipatala kukazonda odwala, tsiku lonse linathera komweko.

Lachisanu praise team ili mkati mwa pulakatisi magetsi anazima, kiyibodi zii, ma speaker zii. Anapitiriza ndi pakamwa pokha ndipo aka kanali koyamba ine kumva mawu a nyimbo ina yomwe takhala tikuyimba miyezi. Ina ndi ya Chizulu, nditafunsa tanthauzo lake onse anangoyang'anana nkuseka. Tinagwirizana kuti nyimbo ya chilankhulo china woyambitsa aziyamba wafotokoza zomwe ikunena, ndipo mnyamata wa pa mixer ndinamupempha atsitseko voliyumu, iye amakhulupirira kuti phokoso ndiye mphamvu.

Loweruka ukwati, ndinatopa nawo koma unayenda bwino.

Lamlungu ndinalalikira ndekha, Chichewa chokhachokha, mfundo imodzi, mphindi 25. Panthawi ya mapemphero mlongo wina analankhula malilime, tonse tinadikira, bambo wina wachikulire amene sakonda zolankhulalankhula anayimirira nkumasulira. Mbale wa intercession uja anali pompo, sananene kanthu.

Potuluka ndinawapeza agogo aja pakhomo ndinati agogo lero mwatolapo chiyani. Anandibwerezera ulaliki wonse mpaka chitsanzo cha womanga nyumba chomwe ndinapereka, kenako akuti "koma mwanangu, katatu konse mwanena kuti amazing, ameneyo ndiye ndani?"