Kwa ofuna digiri yachiwiri ya zankhalango: yambani ndi funso

Anzanga amene tinamaliza nawo digiri yoyamba amakonda kundifunsa kumene angapeze sikolashipu yokapitiriza maphunziro a zachilengedwe. Ndimawayankha, chifukwa mayina ndi odziwika. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Palinso Commonwealth, DAAD ya ku Germany yomwe imalipiriranso ena m'mayunivesite a mu Africa muno, ndi RUFORUM yomwe likulu lake lili ku Kampala. Koma chimene ndaona m'maphunziro angawa n'chakuti opereka ndalama ndi aphunzitsi oyang'anira kafukufuku sayamba ndi magiredi okha. Amafuna kumva kuti iweyo ukufuna kudziwa chiyani cha m'tchire, ndipo udzachiyeza bwanji.

Funso langa linali la zitsa. Nkhalango za miombo, zimene zafalikira kuchokera ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, zili ndi khalidwe limodzi londichititsa chidwi: ukadula mtengo wa mombo kapena wa tsamba, sufa. Chitsa chimaphukira, mizu imatulutsa timitengo tina. Mtengo umene ukuoneka ngati wa chaka chimodzi ukhoza kukhala ndi muzu wa zaka zambiri, umene wakhala ukupsa ndi kuphukiranso chaka ndi chaka. Ndiye pamene owotcha makala adutsa, monga m'mbali mwa Dzalanyama, nkhalango imabwerera patapita nthawi yaitali bwanji? Nanga imabwerera yomwe ija?

Ofufuza amene anagwira ntchito ku Nhambita, pafupi ndi Gorongosa ku Mozambique, anayeza minda yogonera. Anapeza kuti pakatha zaka 20 kapena 30, kaboni wa m'mitengo (amene mitengo imatenga mu mpweya n'kusunga m'thunthu) amafanana ndi wa m'nkhalango yosadulidwa, koma mitengo yeniyeni ya miombo imakhala isanabwerere, ndipo dothi silionetsa kuti lachira. Nditawerenga zimenezi maganizo anga anasintha. Phiri likhoza kubiriwira koma lisali lomwe lija. Ndipo nkhani si ya mitengo yokha: mitengo ya miombo imakhalira limodzi ndi bowa m'mizu mwake, bowa amaithandiza kuyamwa chakudya m'dothi losaukali, iyo n'kumampatsa shuga. Mitengoyo ikasowa, amayi ofula bowa nthawi ya dzinja ndi amene amayamba kudziwa.

Ntchito yake ndi yathukuta, ndipo ndimafuna aliyense adziwiretu. Umadula malire a puloti, umakhomera nambala pa mtengo uliwonse, umayeza kunenepa kwa thunthu pa mita 1.3 kuchokera pansi, umakumba dothi n'kulilongedza m'timatumba. Dzina la mtengo ukalisowa, umathyola kanthambi n'kukafananitsa ku National Herbarium ku Zomba, komwenso kuli FRIM, bungwe lofufuza zankhalango. Nthawi zambiri bambo wa m'mudzi amene wakuperekeza amakhala atakuuza kale dzina lake ndi ntchito yake. Ukabwerako ndiye masiku ambiri pa kompyuta ndi pulogalamu ya R, yosanthulira manambala. Phunzirani R ndi QGIS (pulogalamu yopangira mapu) musanalembe kalata iliyonse. N'zaulere, ndipo mphunzitsi akaona kuti mumazidziwa amayankha mosangalala.

Moto ndi gawo lina limene ndikuona kuti likusowa anthu. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, umangonyambita pansi. Wa mu Okutobala umapha mphukira ndi kuvulaza mitengo ikuluikulu. Izi zikudziwika kalekale, koma mudzi uliwonse uli ndi zifukwa zake zotenthera, kaya mbewa, kaya msipu wa ng'ombe, ndipo wofufuza wolankhula chinenero cha eni ake amamva zimene chithunzi cha setilaiti sichinganene. Apa ndi pamene ife tili ndi mwayi woposa mlendo.

Sikuti mpaka mukwere ndege. LUANAR ku Bunda ndi Mzuni ali ndi aphunzitsi a zankhalango, ku Zambia kuli Copperbelt University ku Kitwe. Gulu la SEOSAW, lomwe linayambira ku University of Edinburgh, limasonkhanitsa zoyezedwa m'mapuloti a kum'mwera kwa Africa, ndipo ntchito yotere imafuna anthu obwerera ku puloti yomweyo patapita zaka. Mu 2022 mayiko a m'chigawo chino anasayinirana pangano la ku Maputo loteteza miombo, choncho zoyezedwa bwino zikufunika. Okonda mapiri, mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'chilengedwe, ndipo mbande zobzalidwanso zikufuna wozitsata kuti tidziwe chimene chikuzipha ndi chimene chikuzisunga.

Polembera mphunzitsi, werengani kaye pepala lake limodzi mpaka kumapeto. Kalata ikhale yaifupi: funso lanu, malo amene mukuwadziwa bwino, luso limene muli nalo. Funsaninso poyera ngati ndalamazo zikuphatikiza mafuta a galimoto, malipiro a okuthandizani m'tchire ndi kuyezetsa dothi ku labu, pakuti fizi yokha siyingakufikitseni ku puloti. Ndipo mukonzeretu ulendo wobwerera kwa a mfumu ndi komiti ya zankhalango ya m'mudzimo kukawafotokozera zimene mwapeza, m'Chichewa, musanazitumize ku magazini a akatswiri.