Zikomo inu amene munatiphunzitsa ntchito ya social work

Ife amene tatsiriza zaka zinayi za digiri ya social work, ntchito yoona za chisamaliro cha anthu, tati tisachoke mwakachetechete ngati alendo osatsazika. Aphunzitsi athu a ku yunivesite, zikomo potiloweza lamulo losamalira ndi kuteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, komanso kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2017 kumene kunatseka mpata wokwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Koma lero mutilole tichedwe pa anthu amene mayina awo salembedwa pa satifiketi zathu, maofisala a Social Welfare m'maboma amene munatilandira pa atachimenti, nthawi yophunzira ntchito m'maofesi mwanu.

Ndinu munatisonyeza kuti nkhani ya mwana ili ndi mayendedwe ake. Ikangofika imalembedwa m'kaundula tsiku lomwelo. Kenako kufufuza: mwana amagona kuti, amadya kangati, ndani amamulera, sukulu anasiya liti. Zikadziwika, pamakonzedwa dongosolo limodzi ndi banjalo, lonena amene achite chakuti ndi tsiku lake. Pamene nkhani zambiri zimafera ndi pa kalata yotumizira mwana kuchipatala kapena kupolisi. Kalata ikaperekedwa, wogwira ntchito wachibwana amayesa wamaliza, chikhalirecho banjalo lilibe ndalama ya kabaza ndipo kalatayo yasanjikidwa kudenga. N'chifukwa chake munkaumirira kuti tizibwererako kukaona ngati thandizo linafikadi, ndi kuti fayilo isatsekedwe msanga.

Anamwino a ku Chikwanekwane, malo a pachipatala othandizira ochitiridwa nkhanza, ndi apolisi a nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, kwa inu tinaphunzira kuwerenga maola. Mwana akagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Asasambe asanapimidwe, zovala zisachapidwe, poti umboni umapita ndi madzi. Asafunsidwe pamaso pa munthu amene akuganiziridwa, ngakhale atakhala malume ake omulipirira fizi. Asabwerezetsedwenso nkhani kwa anthu asanu osiyana, chifukwa mwana wotopa amayamba kusintha mawu, ndipo kukhothi kusinthako amakutenga ngati bodza. Komanso osamulonjeza kuti zimene wanena simuuza wina aliyense. Muuzeni poyera amene adzauzidwe ndi chifukwa chake.

Za malipoti opita ku khothi la ana, ha, cholembera chofiira chinagwira ntchito. Kulemba kuti "mayi ake ndi osasamala" ndi maganizo chabe. Kulemba kuti pa maulendo atatu mwana anapezeka yekha, asanadye chiyambire m'mawa, ndiwo umboni umene majisitireti angaugwire.

Mafumu amene munakana kuti mlandu wogwiririra uthere pabwalo ndi mbuzi ya chipepeso, tikukuombani m'manja, pakuti kukana kotero kumadanitsa ndi abale. Alangizi oteteza ana m'midzi, amene mumapalasa njinga mtunda wautali, munatiphunzitsa kuyamba kwa mfumu tisanalowe pakhomo la munthu. Makomiti a Mtukula Pakhomo, pulogalamu yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006, munatithandiza kusiyanitsa banja losauka ndi banja losaukitsitsa lopanda wogwira ntchito, monga la agogo olera adzukulu okhaokha.

Mabanja amene munatitsegulira zitseko n'kutiyalira mphasa, nkhani zanu zatsala m'mafayilo okiyidwa ndipo sizidzaoneka pa Facebook. Makolo ndi otilera, amene munagulitsa soya, fodya ndi nkhumba kuti fizi ikwane, mikanjo tavalayi ndi yanu.

Ang'ono athu a chaka chachitatu akubwera pa atachimenti posachedwa. Chonde muwalandire monga munatilandirira ife, ndipo muwauze asunge nambala ya 116, yoimbira pofuna thandizo la ana, m'foni asanatuluke mu ofesi.