Zimene ndaphunzira pa kukhutira kwa olawa mowa

Sabata ino m'kalasi yathu ya zamalonda kuno ku Zomba tinakambirana za makampani ang'onoang'ono ofulula mowa m'chigawo cha New York ku America, amene anachuluka kwambiri boma la chigawocho litakhazikitsa lamulo mu 2012 lolola ofulula ogwiritsa ntchito zokolola za alimi akumeneko kugulitsa mowa pamalo pomwe akuufululira. Ambiri ali ndi chipinda cholawiramo, momwe mlendo amapatsidwa timatambula tingapo ta mowa wosiyanasiyana asanasankhe wa m'zitini woti apite nawo kwawo, ndipo phindu la m'chipindamo limakhala lalikulu chifukwa palibe wapakati wodyapo.

Poyamba ndinkaganiza kuti mowa ukakoma umadzigulitsa wokha. Maganizowa anasintha nditawerenga mfundo ya katswiri wa zamalonda Richard Oliver ya mu 1980, yonena kuti munthu amakhutira kapena kukhumudwa akayerekeza zimene wapeza ndi zimene amayembekezera. Munthu amene wayenda mtunda wautali kukaona kumene mowa umafululidwa sayembekezera kukoma kokha, koma amafunanso malo aukhondo, tambula yotsukidwa bwino, komanso womuthirira wodziwa kufotokoza chifukwa chimene mowa wina ukuwawira kuposa unzake. Izi zikasowa amalipira zolawazo n'kutuluka chimanjamanja, ndipo sabweranso ndi anzake.

Mfundoyi ndinaimvetsa bwino Loweruka ku Songani, pakhomo pa mayi wina wofulula masese. Bambo wina atafika, mayiwo anatsuka chipanda iye akuona, anatunga pang'ono mumtsuko, n'kumupatsa ndi manja awiri. "Lawani kaye, bambo, wa lerowu chimera chake ndi cha mawere, ndiye wawawirako pang'ono," anatero. Bamboyo anali asanameze koma atadziwa kale choti ayembekezere, choncho kuwawako sikunamudzidzimutse. Anakhala pampando, ndipo pochoka anadzazitsanso chigubu.

Chimene chinandikhudza n'chakuti mayiwo sanawonjezere mowa wolawitsa kapena kutsitsa mtengo. Ndikuona kuti ambiri timalakwitsa poganiza kuti kasitomala amakhutira ndi basela yekha, pamene basela amadya phindu koma ulemu ndi kufotokoza sizilira ndalama iliyonse. Pa ntchito yanga ya temu ino ndapempha chilolezo kwa mayiwo kuti ndizikhala pakhomopo masiku a msika, kufunsa ogula za kalandiridwe ndi ukhondo, kenako n'kulemba amene agula wopita nawo kunyumba.