Zikomo kwa inu amene munagwira ntchito madzi ataphwa

Madzi osefukira aja ataphwa, ambiri anapumira m'mwamba poganiza kuti zatha. Ife a komiti ya zaumoyo m'dera lino mitima inali m'mwamba, chifukwa m'tauni matenda amabwera madzi akapita. Zimbudzi zinali zitasefukira m'zitsime, ndipo mapaipi osweka amayamwa madzi a m'ngalande mpope ukauma. Kolera sachedwa: munthu akamwa madzi oipa amatha kudwala pakati pa maola 12 ndi masiku 5. Lero misasa yatsekedwa, anthu abwerera m'makwawo, ndiye tati tithokoze.

Poyamba inu amene munkakhala pamijigo ndi pamipope kuyambira m'bandakucha kuthira kolorini m'zigubu. Ntchitoyi imaoneka yopepuka, koma imalakwika msanga. Munkasungunula magalamu 15 a kolorini wa ufa, wamphamvu ya 70%, mu lita imodzi ya madzi, kenako n'kutapa ndi sirinji mamililita 4 pa chigubu cha malita 20. Madzi akakhala amatope simunkathira msanga. Munkayamba mwawadikha ndi kuwasefa pansalu yoyera, n'kuthira mlingo wowirikiza kawiri, popeza matope amadya mphamvu ya mankhwala asanafike pa tizilombo. Chimene tikukuyamikirani kwambiri ndi choti munkaumirira kuti munthu adikire mphindi 30 asanamwe, ngakhale ena ankakwiya ndi ludzu. Ukachulutsa kolorini madzi amanunkha, anthu amawataya n'kubwerera kuchitsime choipa chija. Ukachepetsa, wawanamiza kuti ndi otetezeka. Inu munagwira mlingo wake.

Amayi athu, zikomo potsuka zigubu ndi kuleka kuviika kapu m'ndowa. Madzi abwino ambiri amaipira m'nyumba momwemo, ndi manja. Zikomonso pophunzitsana kupanga pakhomo ORS, madzi obwezeretsa mphamvu m'thupi mwa wotsegula m'mimba, pamene mapaketi ake anasowa: lita imodzi ya madzi otetezedwa, masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, n'chifukwa chake tinkanena kuti muzilawa, usapose misozi. Otsala pakatha maola 24 ndi otaya. Ambiri munanyamula odwala kupita nawo kuchipatala mukuwamwetsa m'njira, osadikira kuti kuche. Kolera amatha kupha m'maola ochepa, koma wodwala akabwezeredwa madzi msanga, omwalira safika ngakhale mmodzi pa anthu 100.

Anamwino ndi alangizi a zaumoyo, munagona pamabenchi, ndipo simunasokoneze ndowa zitatu zija za madzi a kolorini wamphamvu zosiyana: 0.05% yosambira m'manja, 0.2% yapansi ndi zovala, 2% ya masanzi ndi chimbudzi cha odwala. Mulungu akusungeni.

Achinyamata amene munatsegula ngalande zotsekeka ndi mapepala apulasitiki, ndi kukumba zimbudzi zapamsasa mamita 30 kutali ndi zitsime, dera lonse lakuonani. Sitikuiwalanso anansi amene anayenda khomo ndi khomo mwakachetechete kufunsa ngati mankhwala a ARV, a TB, a shuga kapena a BP anapita ndi madzi. Munthu akadumphitsa mankhwala amenewa sabuula tsiku lomwelo, vuto limadzaoneka mochedwa, ndipo ndi ochepa amawakumbukira pachipwirikiti.

Pempho lathu ndi ili. Zithaphwi zatsala, ndipo kukatentha udzudzu umaswana m'masiku 7 mpaka 10 okha, choncho malungo ayamba kuchuluka masabata akubwerawa. Kwirirani maenje, gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Kolorini tipitiriza kuthira pamalo onse otungira madzi mpaka mapaipi atakonzedwa ndi madzi ake atayezedwa.