Mmene ndinasankhira purosesa ndi zipangizo za kompyuta yanga yoyamba kuno ku Chipata

Kompyuta imene ndimalembera makalata, kukonzera makhadi a ukwati ndi kusungiramo mabuku a ndalama a gulu lathu la alimi ndinailumikiza ndekha nditagula chipangizo chimodzichimodzi. Kuno ku Chipata zipangizo zambiri zoterezi timachita kuitanitsa ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500, ndipo zimabwera pa basi. Chipangizo chikakana kugwirizana ndi chinzake, kuchibweza kumafuna ndalama ina ya basi ndi kudikira kwina, choncho pa chilichonse chimene ndinkasankha ndinkafuna kutsimikiza kuti chidzagwira ntchito pa tsiku loyamba popanda kugulanso china chochithandizira.

Poyamba ndinaganizirapo za makompyuta akale a m'maofesi amene amagulitsidwa motchipa. Ndinawasiya chifukwa ambiri ali ndi mapurosesa (purosesa ndiyo ubongo wa kompyuta) a Intel a m'badwo wachinayi kapena wachisanu ndi chimodzi, pamene Windows 11 imafuna m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Komanso makina ambiri a Dell ndi HP a m'maofesi ali ndi mapulagi awoawo a magetsi, moti power supply (bokosi logawira zipangizo magetsi) ikafa simungaikemo ina iliyonse ya m'shopu.

Mapurosesa amene ndalama zanga zinkakwanira anali awiri: Intel Core i3-12100 ndi AMD Ryzen 5 5600G. Chilembo cha kumapeto kwa dzina ndicho chofunika kuchiyang'anitsitsa. Kwa Intel, purosesa yothera ndi F, monga i3-12100F, siitha kutulutsa chithunzi pa sikirini payokha, ndipo imatchipirapo chifukwa cha zimenezo. Woigula ayenera kugulanso graphics card (khadi lotulutsa zithunzi), imene nthawi zambiri imadula kuposa purosesayo. Kwa AMD, pa mapurosesa a gulu la 5000, chilembo G ndicho chimasonyeza kuti mbali yotulutsa zithunzi ilimo kale, pamene Ryzen 5 5600 yopanda G ilibe. Ogulitsa ena amangolemba kuti Ryzen 5 pa chithunzi cha malonda, ndiye ndinkawapempha dzina lonse mpaka chilembo chomaliza ndisanakambe nawo za mtengo.

Ndinasankha 5600G. Ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito mkati mwa purosesa) 6 pamene i3 ili ndi 4, imabwera ndi fani yake m'bokosi, mphamvu yake yolembedwa ndi 65W, ndipo pa zithunzi imaposa UHD 730, mbali ya zithunzi ya mu i3. Kunena zoona, i3 imathamangako pang'ono pa ntchito imene imadalira core imodzi, ndipo amene angaipeze pa mtengo wabwino sangalakwitse. Ena anandichenjeza kuti soketi ya AM4, malo amene purosesayi imalowamo, ndi yakale, popeza inayamba mu 2016 ndipo AMD inatulutsa AM5 mu 2022. Kwa ine ukalewo unali wothandiza, chifukwa ma motherboard ake (ma board amene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi ambiri pamsika ndipo amisiri athu anawazolowera.

Pa motherboard m'pamene panali msampha weniweni. Ma board a B450, A520 ndi B550 onse ali ndi soketi ya AM4, koma 5600G inatuluka mu 2021, ndipo board imene inapangidwa chaka chimenecho chisanafike ikhoza kukhala ndi BIOS (pulogalamu ya mu board yoyatsira makina) yosaidziwa purosesayi. Zikatero mafani amazungulira koma sikirini imangokhala yakuda, ndipo pa ma board ambiri otchipa BIOS simungaisinthe popanda kubwereka purosesa yakale ya Ryzen, chinthu chovuta kuchipeza kuno. Ndinawapempha eni shopu kuti aike purosesayo pa board ya B550 komweko ku Lusaka, ayatse, ndipo anditumizire chithunzi cha BIOS pa WhatsApp ndisanawatumizire ndalama pa foni. Anadandaula kuti ndikuwachulukitsira ntchito, koma anachita. Ndinaonetsetsanso kuti kumbuyo kwa board kuli polowetsa HDMI, popeza chithunzi chimatulukira pamenepo.

RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) ndinagula timitengo tiwiri ta 8GB ta DDR4-3200 m'malo mwa kamodzi ka 16GB. Mbali ya zithunzi ya 5600G ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM, ndipo timitengo tiwiri timatsegula njira ziwiri zodutsamo deta nthawi imodzi. SSD (chosungiramo mafailo) ndinatenga ya NVMe ya 500GB yamtundu wa PCIe 3.0, chifukwa purosesayi imalekezera pomwepo ndipo yodula ya 4.0 ikanangothamanga pa liwiro lomwelo.

Pa power supply sindinafune kuumira, ngakhale kuti anthu ambiri amapulumutsira ndalama pamenepa. Makesi otchipa amabwera ndi power supply yomangiriramo kale, yolembedwa 500W koma yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo ikapsa imatha kupita ndi board pamodzi ndi SSD. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Nthawi yoopsa kwa makina ndi imene magetsiwo akubwerera mwadzidzidzi. Ndinagula kesi yopanda power supply, n'kugula payokha ya 450W yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze. Chizindikirochi chimangonena kuti siiwononga magetsi ambiri, sichilonjeza kulimba, choncho ndinayang'ananso zaka za waranti. Ndalama imene ikanapita ku graphics card ndinagulira UPS yaing'ono (bokosi la batire losunga magetsi), imene imandipatsa mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino. Mvula ya ziphaliwali ikayamba mu Novembala ndimazula pulagi kukhoma, chifukwa UPS yaing'ono singatchinge mphezi.

Kesi ndinangoyang'ana kuti ikhale ndi sefa kutsogolo, poganizira fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo imakhala pa tebulo osati pansi.

Katundu atafika ndinamutsegula ndikujambula vidiyo pa foni, kuti ngati chinachake chasweka pa msewu pakhale umboni. Purosesa ya AM4 ili ndi timapini tambirimbiri kunsi kwake, ndipo ndinatiyang'ana pa kuwala kuti ndione ngati palibe kopindika. Pa ngodya imodzi pali kachizindikiro ka makona atatu kamene kamayang'anizana ndi kanzake pa soketi. Zikalunjikana purosesa imalowa yokha osakanikiza, kenako mumatsitsa kachitsulo kotsekera. Fani yatsopano imabwera itapakidwa kale thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha), koma popeza yanga inali itayesedwa ku Lusaka, ndinapukuta yakaleyo n'kupaka ina pang'ono. RAM ndinaika m'mipata yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku purosesa, monga mmene kabuku ka board kananenera.

Ndisanamange chilichonse m'kesi, ndinagoneka board pamwamba pa katoni yake, ndinalumikiza waya wa mapini 24 ndi wa mapini 8 wa purosesa, n'kuyatsa pogunditsa sikuludiraiva pa timapini tiwiri ta batani loyatsira. Chithunzi chitaoneka m'pamene ndinayamba kumanga, nditaona kaye kuti timiyendo ta mkuwa tonyamula board tili pa mabowo oyenera okha, chifukwa kamodzi kosochera kakhoza kukhudza kunsi kwa board n'kuchititsa shoti.

Mu BIOS ndinasintha zinthu ziwiri. RAM ya 3200 nthawi zambiri imayamba pa liwiro lotsika mpaka mutayatsa XMP (yoifikitsa pa liwiro lake lonse), imene pa ma board a ASUS imatchedwa DOCP, ndipo Windows 11 imakana kulowa ngati fTPM (mbali ya chitetezo ya mu purosesa) ili yozima. Nditamaliza kuika Windows kuchokera pa fulashi, ndinatsitsa madiraiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) a chipset ya pa board ndi a zithunzi pa webusaiti ya AMD usiku, pamene mabandulo a intaneti amatchipa. Mpata wa graphics card udakali wopanda kanthu, ndipo 450W ikhoza kunyamula khadi laling'ono ngati ntchito ya mavidiyo a maukwati idzayamba kubwera.