Kumene timadya ife opuma ntchito ku Nchalo

Ku Nchalo munthu ungathe kudya kondowole masana, madzulo n'kudya makaka a nandolo, kutacha n'kumwa tiyi ndi mpunga kwa Myao, zonsezi osakwera ngakhale kabaza. Alendo ochokera ku Blantyre sakhulupirira ndikawauza. Iwo akatsetsereka mapiri aja n'kufika pa Thabwa kapena pa Dyeratu, chakudya cha kuno chomwe amachidziwa ndi kanyenya wa mbuzi ndi tchipisi cha pachiwaya, zogulira pazenera la minibasi. Kanyenya wathu sindikumunyoza, mbuzi za kuchigwa kuno n'zonona ndithu. Koma malo amene ife okalamba timadyako ali kuseri kwa msewu wa M1, ndipo ambiri mwa iwo alibe n'chikwangwani chomwe.

Ine ndine wa konkuno. Mayi anga anali Msena wa kwa Tengani, bambo anga Mmang'anja wa kwa Lundu, ndipo ndinagwira ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya nzimbe mpaka kupuma. Chimwalirireni mayi a kunyumba kwanga, chakudya cha masana ndimadya m'timalesitilanti timeneti pamodzi ndi anzanga amene tinkagwira nawo ntchito. Ambiri mwa anzangawa si a kuno, ndipo nkhani ya zakudyazi imayambira pamenepo.

Kampani ya Lonrho itatsegula minda ya nzimbe kuno m'dzina la SUCOMA, shuga woyamba n'kutuluka mufakitale mu 1966, ntchito inachuluka moti anthu anabwera kuchokera mbali zonse. Alomwe a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe anatsika kudzadula nzimbe ndi kuthirira. Kunabwera Ayao a ku Machinga ndi Mangochi. Anzathu a ku Rumphi, Karonga ndi Nkhata Bay tinali nawo m'maofesi ndi m'magalaja, ndipo fakitale ya ku Dwangwa itayamba mu 1979 anthu ankasamutsidwa uku ndi uku, mabanja awo n'kumatsatira. Pamene Illovo inkatenga kampaniyi mu 1997, ena mwa anthu oyamba aja imvi zinali zitayamba kale.

Tsiku lopuma ntchito umabweza makiyi a nyumba ya kampani. Ndiye upita kuti? Kumudzi kwanu unachokako uli mnyamata, munda wa mayi ako akulima ndi ana a mlongo wako, ndipo ana ako obadwira kuno amayankhula Chisena kuposa Chilomwe kapena Chitumbuka. Ena anabwereradi kwawo. Koma ambiri anagula puloti pafupi ndi msika, n'kumanga kanyumba ka malata ndi ndalama zopumira ntchito, n'kukhala. Kuno kulibe midzi yomangira dala anthu opuma ntchito monga timamvera za maiko akunja, komabe dera lathuli linasanduka lotero lokha popanda wolikonza. Aphunzitsi opuma, anamwino, apolisi, madalaivala a mathirakitala, tonse tili m'makwalala omwewa. Ndipo azimayi ena, makamaka amene amuna awo anatisiya, anatenga kangachepe kotsala n'kugula mapoto akuluakulu ndi mabenchi awiri.

Ndiyambe ndi mayi a ku Mulanje, chifukwa ntchito yawo ndi imene ndimaipatsa ulemu kwambiri. Amaphika kalongonda. Amene sanamuonepo akuphikidwa sangamvetse chifukwa chake sapezeka tsiku lililonse. Nyemba zimenezi zili ndi poizoni, ukazidya zosapsa bwino mutu umazungulira, kusanza kumene. Mayiwa amaziwiritsa kuyambira madzulo, kutaya madzi, kuthira ena, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutayanso madzi, mpaka madzi akuda aja atasiya kutuluka. Nkhuni zimene zimathera pamenepo zikadaphika nyemba wamba kangapo. Phindu lake ndi lochepa kwambiri, ndipo iwo amadziwa. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake saleka.

"Akalaliki," anatero, "madala awa a kwathu mukuwaonawa ku Chonde sangapitenso, miyendo inatha. Ndikaleka ine akamudya kuti?"

Ankanena za mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitika kwa Chonde ku Mulanje mwezi wa Okutobala, kumene kalongonda amadyedwa poyera ndi monyadira. Tsiku limene waphikidwa kuno, uthenga umayenda wokha. Mumaona akuluakulu akubwera ndi ndodo zawo dzuwa lisanakwere, n'kukhala pansi pa mtengo wa nimu, Chilomwe chili m'kamwa chomwe masiku ena onse sachiyankhula. Mmodzi wa iwo, yemwe kale anali kapitawo wa odula nzimbe, amadya pang'onopang'ono osayankhula ndi munthu, akamaliza m'pamene amayamba nkhani za ku Muloza. Masiku ena mayiwa amaphika makaka, chinangwa chouma chija, pamodzi ndi nandolo, ndipo chimenecho ngakhale ife Asena tinachizolowera.

Chapafupi pomwepo pali mayi a ku Nkhata Bay. Chinangwa cha kondowole chimaviikidwa m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako kuyanika ndi kusinja, ndipo ufa wa fungo limene Mtonga amalifuna kuno sumapezeka. Amachita kuitanitsa kwa abale awo ku Dwangwa, thumba n'kubwera pa basi mpaka ku Blantyre, kuchoka apo pa minibasi. Kaphikidwe kake n'kosiyana ndi nsima yathu. Sayamba ndi phala. Madzi akawira amathira ufa nthawi imodzi, kuphula poto, kumupana ndi mapazi pansi, n'kuvundula ndi manja awiri. Mithiko yathyokapo yambiri pamenepo. Nsomba za kunyanja zaziwisi sangazipeze, ndiye amaphika ndi mlamba wa mu Shire, msuzi wambiri, ndipo anzathu a kumpoto amati ngakhale si chimodzimodzi ndi kwawo, mtima umakhala pansi. Ine kondowole ndimadya mwa apo ndi apo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, amandilemera m'mimba. Koma anzanga a ku Chintheche thukuta lili kamukamu amamaliza mbale yonse.

Achimwene a Chiyao amatsegula m'bandakucha akachoka ku mzikiti. Nyama yawo ndi yochinja, choncho Asilamu onse a pano amadya momasuka, ndipo ife ena timapitako chifukwa cha ukhondo ndi kaphikidwe ka mpunga. Amagula mpunga wa kutsidya kwa Shire, wa ku sikimu za Nkhate ndi Muona, koma akapeza Kilombero wa ku Karonga amamusungira makasitomala amene amamudziwa ndi fungo. Mwezi wa Ramadhani masana amatseka. Dzuwa likalowa amaphika futali, ndipo wodutsa aliyense, Mkhristu kaya Msilamu, amamuitana kuti alaweko.

Nkhuku yabwino kuposa zonse pa Nchalo imawotchedwa ndi mayi amene anabadwira ku Mutarara, ku Mozambique. Anabwera ali mtsikana nthawi ya nkhondo, pamene dziko lathu linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu inadzaza. Nkhondo itatha mu 1992 abale awo anabwerera, iwo anali atakwatiwa kale kuno. Chisena chawo ndi chathu n'chimodzi, kusiyana kuli pa mbaula. Nkhuku amaing'amba pamsana n'kuiyala, kuipaka piripiri, adyo, mandimu ndi mchere, kuisiya kuti zilowerere, kenako kuiwotcha pang'onopang'ono pa makala osayaka kwambiri. Imeneyi si ya tsiku lililonse. Timaidya penshoni ikalowa, anthu atatu kapena anayi kusonkherana nkhuku imodzi.

Nanga zathu za kuchigwa? Apa ndiye pamandipweteka pang'ono. Nsima ya mapira ndi ya mchewere, imene inalera makolo athu m'dziko louma lino momwe chimanga chimapserera kawirikawiri, achinyamata amaiona ngati chakudya cha osauka. Pali mayi mmodzi yekha wa Chisena, mwa amene ndimawadziwa, yemwe amaiphika mosalekeza, ndi mlamba wowamba wochokera ku dambo la Elephant Marsh, nsomba za makakana, therere, kapena nkhwani wotendera. Mbale yake ikabwera, nsima yofiirira, utsi wa nsomba uli m'mphuno, palibe chakudya cha kuhotela chimene ndingasinthanitse nacho. Ife amene tili ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuchipatala amatiuza kuti tichepetse ufa woyera, mchere ndi mafuta. Mayiwa anazimva zimenezo kwa ife tomwe, ndipo amapatula kapoto ka ndiwo kopanda mchere wambiri ka madala okhaokha.

Izi ndi zimene anthu odutsa sangazione. Malo amenewa eni ake ndi anthu amene amaphika okha, kulandira ndalama okha, ndipo amatidziwa aliyense payekha. Amadziwa amene mano anatha, n'kumuphikira nyama mpaka isungunuke. Amadziwa amene akumwa mankhwala ofuna kuti ayambe wadya. Pa shelefu pamakhala kabuku ka ngongole, kope la ana asukulu, dzina lililonse ndi tsamba lake, ndipo timalipira kutha kwa mwezi. Penshoni ikachedwa sakubweza pakhomo. Mnzathu wina, mphunzitsi wopuma wochokera ku Mzimba yemwe amakhala yekha, anasowa pa benchi masiku awiri otsatizana. Mayi a Chisena aja sanadikire lachitatu. Anatuma mnyamata wawo ndi phala mu kontena, mnyamatayo n'kuwapeza aphunzitsi ali gone, malungo atawagwira zolimba. Anawakweza pa njinga yamoto kupita nawo kuchipatala, ndipo anachira. Atabweranso mayiwo anawadzudzula pamaso pa tonse.

"Aphunzitsi, inu ndinu bambo athu. Mukadwala muzituma mwana wa aneba, musamagone chete ngati mulibe anthu."

Aphunzitsiwo anangowomba m'manja, misozi ili m'maso.

Koma malo amenewa akuvutika, ndipo ena atsekedwa ine ndikuona. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga damu la Kapichira, magetsi n'kumazima nthawi yaitali, ndipo amene anali ndi firiji anataya nyama ndi nsomba. Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi misewu, chimanga ndi mapira n'kukwera mtengo, m'midzi ina anthu n'kubwereranso kudya nyika, timizu ta m'madambo. Mavutowa asanathe, mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mafuta ophikira, makala, tomato, zonse zinakwera, koma ndalama zimene ife timalandira sizinayende liwiro lomwelo. Wophikayo akakweza mtengo wa mbale amataya madala ake. Akapanda kukweza amadya mpamba. Ambiri anasankha kuchepetsa nthuli ya nyama n'kusunga mtengo, ndipo ife tinamvetsa osafunsa.

Chiwaya cha tchipisi ndicho chikupambana, chifukwa ndalama yake ndi ya pompopompo ndipo achinyamata ndi apaulendo ndi amene ali ndi ndalama m'thumba. Mnyamata wa chiwaya sindimuda, nayenso akusaka moyo. Koma munthu wa zaka zopitirira 70 sangadye tchipisi tsiku ndi tsiku. Ana aakazi a azimayi ophikawa ambiri safuna kugona pa moto chifukwa cha kalongonda kapena kupana poto wa kondowole ndi mapazi, ndipo sindiwaimba mlandu poona phindu lake. Chiyembekezo changa chili pa ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira. Ntchito ngati imeneyo imabweretsa anthu achilendo monga nzimbe zinachitira, ndipo munthu wachilendo akatopa ndi tchipisi amafunsa kumene kuli nsima yeniyeni.

Ndili ndi pempho kwa inu ana athu amene muli ku Lilongwe, Mzuzu kapena Johannesburg, amene makolo anu anatsala kuno. Mumatumiza ndalama pa foni, zikomo kwambiri. Koma ndalama ikafika m'manja mwa gogo, adzukulu ndi abale amaimva, ndipo pofika pakati pa mwezi yatha, gogoyo n'kumagona ndi tiyi. Mukabwera pa Khirisimasi afunseni bambo anu kumene amadya masana, mupite nawo, mukakhale pa benchi lomwelo. Mukapemphe kuona tsamba lawo m'kabuku kaja, mulipire ngongole imene ilipo, ndipo mutenge nambala ya mayi wophikayo. Mwezi uliwonse gawo lina la ndalama muzitumiza kwa iyeyo mwachindunji pa Mpamba kapena Airtel Money. Bambo anu adzadya mwezi wonse, mayiyo adzapeza zogulira thumba la ufa pa nthawi yake, ndipo tsiku limene bambo anu sadzaoneka pa benchi foni yanu idzaitana lomwelo.

Amene mukufuna kudzalawa kalongonda, uzani mayi a ku Mulanje kudakali tsiku limodzi kuti ayambe kuwiritsa madzulo, ndipo mufike isanakwane 12 koloko, chifukwa madala a kwawo samusiya.